Masiku awiri ku Mchinji, mwana ali kumsana

Mwana wanga anali ndi milungu isanu pamene tinapita ku ukwati wa mlamu wanga ku Mchinji. Tisananyamuke kwathu ku Chiparamba, ku Zambia, amayi anandigwira mkono nati, "Mwanayu akadali wozizira. Akangomunyamula munthu amene wagona ndi mwamuna, atupa ndi tsempho. Usampereke kwa aliyense."

Titangodutsa malire pa Mwami, foni yanga inasiya kugwira. Titafika, bambo a mwana anapita kwa amuna anzawo, ine ndinatsala pakati pa amayi osawadziwa, aliyense atatambasula manja.

"Bweretsani mlendoyo timuone, alamu."

Ndinati wagona. Kachiwiri ndinati ali ndi chimfine. Kachitatu apongozi anaseka: "Asiyeni a ku Zambia, anabereka golide."

Sanandipemphenso, ngakhale kosenda anyezi sanandiitane. Masiku awiri ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, nyimbo ndikumvera patali, ndikungosisita timiyendo take kuona ngati tatupa.

Pobwerera, titangolowanso m'Zambia, foni inalira. Anali amayi.

"Wamunyamula ndani?"

"Palibe, amayi."

"Wachita bwino."

Ndinayang'ana pawindo la minibasi kuti amuna anga asaone misozi.