Madisiki Awiri a Amalume

Ndinasiya koleji chaka chachiwiri chisanathe. Anthu amakonda kufunsa chifukwa chake. Ndinalephera, basi. Ndinatulukako ndi kanthu kamodzi kokha: ndinkadziwa kutsegula kompyuta, kuikamo madisiki ndi kuiuza mmene izisungira zinthu. Amayi atatopa kundipeza ndili chigonere dzuwa lili paliwombo, anandipereka kwa alongo awo, amalume anga, amene anali ndi kashopu ku Njube, pafupi ndi pokwerera makombi, timinibasi ta m'tauni.

M'shopumo tinkachita fotokope, kulembera anthu makalata ndi kusindikiza. Ambiri obwera anali anthu athu, ana ndi zidzukulu za amene anachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale. Anthu amenewa moyo wawo uli papepala. Munthu wobadwira kuno, bambo ake obadwira kuno, koma akalowa mu ofesi amamufunsabe kuti agogo ake anaoloka malire liti. Choncho nyumba iliyonse ili ndi jumbo pansi pa matiresi, yodzaza timapepala tofiira ndi ukalamba.

Amalume anaona mwayi pamenepo. Anayamba kuuza anthu kuti abweretse mapepala awo, tiwajambule, tiwasunge m'makina. "Pepala limapsa, limanyowa, khoswe amadya," ankatero. "Munamvapo kuti khoswe wadya makina?" Anagula seva yakale ku kampani ina imene inkatsekedwa. Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kusungira makompyuta ena zinthu. Yathu inali bokosi lakuda lolira ngati firiji, ndipo inkakhala pansi pa tebulo langa, kumanditenthetsa mapazi. Mkati mwake munali madisiki awiri ofanana.

Ndinawaika m'njira imene timaitcha mira. Chilichonse cholembedwa pa disiki imodzi chimalembedwanso pa inzake nthawi yomweyo, kuti imodzi ikafa, inayo ipitirize ngati palibe chachitika. Nditamaliza ndinayesa. Ndinazula disiki imodzi seva ili mkati mogwira ntchito, n'kutsegula mafayilo. Onse anatseguka. Ndinaibwezera, ndipo awiriwo anayamba kugwirizananso okha. Inali ntchito yoyamba imene ndinaichita bwino m'moyo wanga, ndipo panalibe woona.

Pakati pa oyamba kubwera panali amayi ena ogulitsa mazira owiritsa ndi nthochi pa Renkini, pamene mabasi a kutali amanyamukira. Ankakhala ku Raylton, m'nyumba ya kampani, chifukwa amuna awo anali a njanji, ndipo nthawi imeneyo amunawo ankadwala. Anakhuthula jumbo yawo patebulo: chiphaso chakale cha apongozi awo, kalata ya ntchito ya amuna awo, makalata a ubatizo, ndi khadi la kuchipatala la mwana wawo wamkazi. Mwanayo analibe satifiketi ya kubadwa. Bambo ake ankangoti adzapita mawa, mawa, mpaka miyendo inakana. Ndinajambula mapepalawo ndekha, limodzilimodzi.

"Zalowa, mfana?" anandifunsa. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chindebele, ngati cha tonsefe.

"Zalowa."

"Sizituluka zokha?"

"Sizituluka mpaka mutabwera inuyo."

Anandisiyira dzira ndi kamchere kokulunga m'pepala.

Amuna awo atamwalira, abale a mwamuna anabwera kuchokera kumudzi kudzalira. Analira masiku atatu, kenaka ananyamula njinga, wailesi, mabulangete ndi bokosi lachitsulo la malemuyo. Jumbo ija inali m'bokosimo. Nyumba ya ku Raylton inapita ndi ntchito. Amayiwo anakapeza chipinda chodontha kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Atabwera kudzatiuza, amalume sanawapepese n'komwe. Anatembenukira anthu amene anali pamzere. "Mwamva? Pakanapanda ine, bwenzi lero alibe kalikonse." Kenaka anafunsa amayiwo ngati akufuna tiwasindikizire. Amayiwo anakana. Anati kuchipinda kwawo mvula imalowa, mapepalawo akhale komweko kumene kulibe madzi ndi alamu. Adzawatenga tsiku lowafuna.

Kenaka amalume anagula kamera n'kuyamba kujambula maukwati ndi maliro. Mavidiyo amadya malo. Seva inadzaza.

Panja pa shopu panali benchi pamene akuluakulu a kutchalitchi, anzawo a amalume, ankakhala masana, osagula kanthu. Tsiku limene seva inadzaza analipo anayi. Amalume anandiitanira panja, chifukwa sankakonda kukalipa popanda omvera.

"Iwe, ndinagula madisiki angati?"

"Awiri, amalume."

"Nanga makinawa bwanji akuonetsa malo a imodzi?"

Ndinafotokoza za mira. Ndinafotokoza bwino, pang'onopang'ono, mmene ndinkafunira kuti aphunzitsi a ku koleji azindifotokozera ine.

"Ndiye yachiwiriyo ikudya magetsi anga pongobwereza zimene inzake yanena kale?"

"Ikudikira tsiku limene inzake idzafe."

"Ife ku Makokoba tinakula anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi," anatero amalume, akuyang'ana anzawo osati ine. "Bedi lopanda munthu sitinalionepo. Uyu akufuna ndisunge chipinda chathunthu cha mlendo amene sanatumize ndi uthenga womwe."

"Mukawaphatikiza kuti malo achuluke, imodzi ikangofa zonse zapita. Zonse, amalume."

"Ifa chifukwa chiyani? Waipangira mankhwala?"

Mkulu wina wa pabenchi, amene ankavala tayi ngakhale kutenthe bwanji, anati, "Mfana, ukanakhala wodziwa zimenezi, si bwenzi uli kusukulu?"

"Musiyeni," anatero amalume. "Mabuku anamuthamangitsa, ndiye lero wati aphunzitse ine. Mlongo wanga anangondibalira ntchito."

Anaseka onse. Wina anachita kupukuta misozi.

Sindinabwerezenso. Ndinanena kamodzi, pamaso pa mboni zinayi, ndipo ndinaona kuti zakwana.

Njira imene amalume ankaifuna imadula fayilo iliyonse m'tizidutswa, kena pa disiki iyi, kena pa iyo. Malo amawirikiza, ndipo makina amathamanga. Koma palibe disiki imene imakhala ndi chinthu chathunthu. Kuti ndisinthe, ndinayenera kusamutsa kaye zonse. Ndinabwereka disiki kwa mnzanga wina amene ankakonzekera ulendo wa ku Joni, ndinakoperapo zonse, ndinaphatikiza madisiki athu awiri, n'kubwezera zonse m'malo mwake. Amalume ataona malo atsopanowo anandimenya paphewa n'kunena kuti nthawi zina ndimamva.

Apa ndi pamene anthu amafuna ndinene kuti ndinaiwala. Sindinaiwale. Disiki ya mnzangayo inali ndi zonse, zathunthu, patebulo langa. Mapepala a anthu anali aang'ono poyerekeza ndi mavidiyo, akanakwana ngakhale mufoni yanga. Ndinatsegula foda ya amayi a mazira aja, ndinaona chithunzi cha apongozi awo atavala chipewa. Ndinatseka. Ndinafufuta disikiyo n'kuibweza kwa mwini wake ili mbee. Ndinkafuna kuti tsiku limene amalume adzagwe, adzagwe ndi katundu yense kumutu. Ndikanasunga kenakake pambali, kugwa kwawo kukanapepuka.

Ndiye ndinadikira. M'mawa uliwonse ndikatsegula shopu ndinkamvetsera kulira kwa seva, ngati mlamu womvetsera chifuwa cha wodwala, maso ake ali pa njinga. Magetsi ankazima ndi kuyaka mmene amachitira kuno. Kabatire koteteza seva kanali katafa kale, ndipo amalume anati n'kokongoletsa chabe.

Zinatenga miyezi. Tsiku lina masana magetsi anabwera mwamphamvu, ndipo pansi pa tebulo panayamba kumveka kaphokoso, ke, ke, ke, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo. Ndinadziwa ndisanayang'ane. Mtima wanga unayera.

"Konza," anatero amalume.

"Sizikonzeka."

"Inayo si ili moyo?"

"Ili ndi theka la chilichonse. Ndinakuuzani, pabenchi paja."

Vidiyo ya ukwati wa mwana wa mkulu wa tayi uja inali momwemo, isanaperekedwe. Mkuluyo anabwera ndi akazi ake. Anatchula amalume mayina amene m'tchalitchi satchulidwa, ndipo ine ndinali kuseri kwa makina a fotokope, ndikumva kukoma. Masiku atatu ndinadya bwino.

Tsiku lachinayi kunabwera amayi a mazira, ali ndi mwana wawo. Mtsikanayo anali Fomu 4, atavala yunifolomu yoyera kolala. Kusukulu anamuuza kuti popanda satifiketi ya kubadwa samulembetsa mayeso, ndipo kulembetsa kunkatsekedwa Lachisanu la sabata yomweyo. Ku ofesi ya ziphaso anawauza kuti ngakhale zojambula zithandiza, bola manambala azioneka. Amalume atangowaona pakhomo anati, "Ndikubwera," n'kutulukira khomo la kuseri. Sanabwerenso tsiku limenelo.

"Ndabwera, mfana," anatero amayiwo. "Zituluke tsopano."

"Makina anafa."

"Si awo akulira pansipo?"

"Akulira, koma mapepala anu mulibe."

Anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala za anyamata. Ine sindinaseke. Anakhala pampando osaitanidwa.

Ndinawauza kuti adikire. Pali mapulogalamu ofufuza zotsala pa disiki, ndipo ndinayendetsa imodzi pa disiki yamoyoyo. Anadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, dengu la mazira lili pamiyendo, osagulitsa ngakhale limodzi. Panatuluka zinyalala zambiri: mapazi a akwati, theka la bokosi la maliro, mitu ya makalata a anthu ena. Mwa zawo ndinapeza chimodzi chokha, kumtunda kwa chiphaso cha apongozi awo. Chipewa, chipumi, maso. Kuyambira pamphuno kutsika kunali phulusa lokhalokha. Ndinasindikiza n'kuwapatsa.

"Nambala imakhala pansi," anatero.

"Pansipo pali pa disiki inayo."

"Ili kuti?"

Ndinaiika patebulo. Anaitenga, anaitembenuza, anaigwedeza pafupi ndi khutu.

"Tsegula utulutse."

"Siitsegulidwa ndi sikuludiraiva, amayi. Si chitini cha nsomba."

Mtsikanayo anali asanayankhule. Chichewa ankachimva bwino koma poyankhula chinkamulemera, ndiye mawu ake anatuluka limodzilimodzi.

"Iwe unadziwa kuti zikhoza kutero?"

"Ndinadziwa."

"Ndiye?"

"Ndiye ukafunse amalume. Ine ndine wolephera sukulu, sindidziwa kanthu."

Ndinali nditakonza yankho limenelo kwa miyezi, koma ndinalikonzera munthu wina. Ndinaligwiritsabe ntchito, poti linali lokonzeka kale.

Amayi ake anafunsa ngati padziko pali munthu amene angatsegule chitsulocho. Ndinati ku Joni alipo, amene amatsegula m'zipinda zopanda fumbi. Zimenezo n'zoona. Anakulunga disiki yakufayo pamodzi ndi theka la pepala lija mu jumbo yatsopano, n'kumanga pakamwa. Mawa lake anapita nazo ku ofesi. Anawabweza. Anapitanso Lachinayi ndi mkulu wa mpingo woti akawachitire umboni. Anawabwezanso. Lachisanu linadutsa.

Sabata yotsatira amalume anabwera ndi disiki yatsopano. Imodzi. Anaiponya patebulo osandiyang'ana.

"Uike ngati poyamba paja. Iyi pamodzi ndi yamoyoyo."

"Yamoyoyo ndikaigwiritsa ntchito, ifufutika."

"Muli chiyani? Si wanena wekha kuti ndi theka?"

Ndikanatha kuwauza kuti theka limenelo ndi lokhalo limene lingapatse tanthauzo chitsulo chimene amayi aja ananyamula. Anthu a ku Joni akatsegula yakufayo, adzafuna inzake kuti alumikize tizidutswa. Ndikananena, amalume akanati ndigule ndekha disiki ina, n'kuitana a pabenchi adzamve. Ndinayang'ana panja. Mkulu wa tayi anali atabwerera pamalo pake, akusenda mtedza. Ndinafufuta yamoyoyo n'kupanga mira. Ndinayesanso pozula imodzi, ndipo mafayilo atsopano onse anatseguka. Amalume anauza a pabenchi kuti nzeru yosunga kawiriyi anaiganiza okha atagona.

Ndimadutsa pa Renkini kawirikawiri pokatenga mapepala ndi inki. Mtsikana uja amagulitsa nthochi m'mawindo a mabasi a kumwera. Siketi ya yunifolomu amaivalabe, yafupika. Sandiyang'ana. Amayi ake ndi amene amandiitana.

"Mfana wa makina, tabwera."

Amakweza thireyi ya mazira kundionetsa jumbo ija, ili pansi, youma bwino. Mwezi wathawu anandiuza kuti apeza kondakitala wokhulupirika, mwana wa kwathu, amene wavomera kupita nayo ku Joni akadzakonzeka. Mayeso amalembedwa chaka chilichonse, anatero, mwanayo sanakalambe.

"Akatsegula zituluka, eti?"

"Akatsegula adzakuuzani," ndinatero.

Anandisankhira dzira lalikulu. Ndinaliswa pachitsulo cha mpanda, ndinapempha mchere, ndinadyera pomwepo.