Chisoti cha Bambo ndi Dengu la Apongozi

Kwathu ku Kandeu chaka sichitha ndi mapemphero okha. Tsiku lomaliza la Disembala, m'mawa dzuwa lisanakwiye, timathamanga. Timayambira pa chigayo, kutsetsereka mpaka pa kamlatho ka mitengo kumadimba, n'kubwereranso pa chigayo pomwepo. Mukamva munthu akunena kuti ndi pafupi, dziwani kuti sanathamangepo ameneyo.

Anayambitsa ndi bambo anga ndi anzawo, amuna ochokera ku migodi ya ku Joni. Ankabwera pa Khirisimasi ndi masutikesi, mawailesi ndi matama osaneneka. Chaka china, atakhuta masese, anayamba kukangana. Wina akuti mgodi unandilimbitsa chifuwa, wina akuti bodza iwe, unkangosesa pa khomo la mzungu. Mkangano wa Angoni suthera pakamwa. Anavula majekete n'kuyamba liwiro, majombo a kumgodi ali kuphazi. Asananyamuke, bambo, poti anali a mtima wapachala, anathamangira kunyumba kukatenga chisoti chawo cha kumgodi n'kuchiika pa mwala. Anati wopambana achitenge, chikagone kwake chaka chathunthu. Ankayesa apambana okha. Anafika achinayi.

Kuyambira tsiku limenelo chisoticho chinakhala cha mpikisano. Chagona ku Kasinje, chagona ku Nzama zaka zitatu zotsatizana, chinagonapo ngakhale kwa mphunzitsi wina wobwera amene sankadziwa n'komwe kuti mgodi umaoneka bwanji. M'nyumba mwa mwini wake ndiye sichinabwereremo. Bambo anayesa mpaka mawondo anawakana, kenaka n'kumangokhala pa benchi ya pachigayo, kumanyoza othamanga kuti ana a masiku ano amathamanga ngati asenza mtsuko.

Lamulo ndi limodzi lokha, ndipo linabwera chifukwa cha kuba. Chaka chachiwiri mkulu wina anabisala m'tchire pakati pa njira, napumula bwinobwino, n'kubwerera akupuma mwabodza. Ndiye anagwirizana kuti pa kamlatho pazikhala mayi mmodzi wa kumpingo ndi dengu la kachewere. Aliyense wofika azilandira kachewere mmodzi m'manja mwa mayiyo. Ukafika pa chigayo chimanjamanja, ngakhale utsogole bwanji, wangothamangira mphepo.

Chaka chimene ndinakwatira, maso a bambo anayamba kuchita ng'ala. Tsiku lina tikupanga mizere, anaima n'kutsamira khasu.

"Iwe, chisoti chija ndichione chili pa khoma langa maso awa asanatseke. Abale ako onse ndi miyendo ya thebulo. Watsala ndiwe."

Sanabwerezenso, koma mawu aja anandikhala pamtima. Miyezi iwiri ndinkadzuka tambala woyamba kukathamanga m'phiri. Mkazi wanga ankangoti, "Koma inu, anthu aziti ndakwatiwa ndi wamisala." Ndinasiya ngakhale mowa, ine amene!

Tsiku lija linafika. Mvula inali itagwa dzulo lake, njira ili thope lokhalokha. Anagogoda chitsulo, ife uyo! Sindikudzitama ayi, koma tsiku limenelo ndinali ndi miyendo. Pofika pa tchalitchi ndinali nditawasiya anyamata a ku Kasinje. Pa chitsetse cha kumadimba ndinacheuka, woyandikira anali mnyamata wamtali wa ku Nzama, nayenso ali kutali ndithu. Mumtima ndinati, bambo, konzani khoma.

Ndikukhota kuti ndione kamlatho, mtima unangoti phwii. Wokhala ndi dengu anali apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga. Mayi amene anasankhidwa poyamba anali atadwala, ndiye anatuma iwowa m'mawa womwewo. Palibe anaganizako zoti mkamwini wawo ali mu mpikisano.

Ana a lero mwina aseka, koma kwathu mkamwini watsopano sayandikira apongozi aakazi. Mukakumana panjira, wina amapatukira uku, wina uko, moni n'kumapatsana chapatali mutanjuta, nkhope zitayang'ana kumbali. Tsono zolandira chinthu m'manja mwawo, ine ndili kabudula yekha, chifuwa pamtunda, thukuta lili kamukamu? Ha!

Miyendo inapatuka yokha. Ndinalowa m'chimanga kumanja n'kunjuta. Apongozi nawo atangondizindikira ananyamula dengu lonse n'kulowa m'chimanga cha kumanzere, nandifulatira. Chimanga cha mu Disembala mukuchidziwa, chimalekeza m'mawondo. Tonse tinkaonekera poyera ngati nkhuku zobisala mu nsinjiro.

Ndinaomba m'manja. "Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka bwino, kaya inu bambo?"

"Tadzuka. Kaya kunyumba?"

"Kunyumba aliko. Koma mwana wa mlamu wanu ndiye akutsokomola."

"Pepani, pepani. Mwapita naye kuchipatala?"

Tangoganizani! Chisoti chikundithawa, ine ndikufunsa za chifuwa cha mwana. Pakamwa pankakana kunena kuti mayi, ndipatseni kachewere. Nawonso ankadikira kuti ine ndiyambe. Wa ku Nzama uja anafika, nalumphira m'munda, n'kulandira wake. Wachiwiri anafika, wachitatu, wachinayi. Wina podutsa anandikuwa, "Achimwene, mwatsegula m'mimba kodi?"

Kenaka apongozi anatsokomola kawiri, natuluka chammbali, naika kachewere pa mtengo wa mlatho, n'kubwerera m'chimanga. Akuyang'anabe kumapiri anati, "Bambo, pali kanthu kagwa apo." Ndinaombanso m'manja kuthokoza, taonani kupusa kwake, ndiye n'kutola.

Chitunda chobwerera ndinachikwera ndikulira ndi ukali. Ndinapitirira awiri. Pa chigayo ndinafika wachitatu, chisoti chili kale pamutu pa mnyamata wa ku Nzama, ngoma ikuvinidwa, amayi akululutira. Nkhani inali itandipitirira panjira, moti anthu pondiona anagwa nako kuseka.

Ndinkaopa kuyang'ana pa benchi. Koma bambo anandiitana, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa.

"Wafunsa za chifuwa cha mwana? Iwe ndiwe mwana wanga ndithu, chitsiru ngati ine." Atapuma anati, "Ukanawatsomphola m'manja amayi aja, chisoticho ndikanachiponya kudzala."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinadziwanso kuti zawapweteka. Ine ndinadwala nazo mumtima sabata yathunthu.

Apongozi nawo sanaone tulo. Chaka chatsopano chitangolowa anatumiza tambala ndi ufa kudzera kwa ankhoswe, ndi mawu akuti manyazi athe, mkamwiniyu ndi mwana wanga. Kuyambira pamenepo tinayamba kuyankhulana ngati anthu, ndipo ndinazindikira kuti mayi aja ndi olongolola koopsa. Disembala wotsatira anachita kupempha okha kuti dengu likhale lawo. Nditangotulukira pa kona, ndili wachiwiri, anakuwa mudzi wonse kumva, "Thamangani bambo inu, mukuyenda ngati mukupita ku maliro!" Kachewere anachita kundikankhira m'manja. Wa ku Nzama ndinamupeza pa tchalitchi, ndipo sanandionenso.

Koma ng'ala sinadikire. Pofika tsikulo bambo ankangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Ndinagwada pa benchi paja n'kuwaika chisoti pamiyendo. Anachizunguliza m'manja pang'onopang'ono, zala zikufufuza, mpaka chala chachikulu chinalowa m'kachibowo kophwanyika chakumbuyo.

"Ndi chomwechi," anatero. "Apa ndi pamene mwala unandimenya kumgodi, iwe usanabadwe. Chikanapanda ichi, bwenzi palibe wothamanga."

Anachivala, chinawakhwepa poti mutu unali utachepa, n'kundigwira dzanja kuti ndiwatsogolere kunyumba.