Loweruka Limene Ndinalira M'tchalitchi Nditasuta Chamba

Ndinabatizidwa ku Kitwe nkhondo ya Majeremani ili mkati, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ubatizo umenewo ndinaupeza mwachilungamo kapena ndinachita kuba.

Ntchito yanga inali yotapa miyala ndi fosholo pansi pa mgodi n'kumaponya m'ngolo. Kumudzi, cha ku Chipata, ndinachoka ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali. Iyeyo sankafuna, ndine ndinamunyengerera. Chaka chachiwiri mwala unamugwera, basi. Sindinalire, ngakhale kumanda. M'malo mwake ndinasanduka munthu waukali, wokangana ndi chitseko chomwe chikakana kutseguka. Jombo zake ndinatenga n'kumavala, poti zanga zinali zitang'ambika, ndipo kwa azakhali sindinalembe kalata.

Kenaka ndinakonda mtsikana wina wa mu komboni, mwana wa akapitawo. Abambo ake anali Akatolika olimba. Anandiuza maso ndi maso kuti mwana wawo sakwatiwa ndi munthu wosabatizidwa, ndiye ndinayamba kalasi.

Katekisimu sanandivute. Chimene chinandigwetsa ndi lamulo la Loweruka lotsiriza. Tonse oyembekezera ubatizo tinkayenera kukhala chete m'tchalitchi kuyambira thu koloko mpaka folo, aliyense kusinkhasinkha machimo ake, uku bambo mfumu wachizungu, wochokera ku Ndola pa njinga yamoto, akuyendayenda kumbuyo kwathu. Chaka choyamba munthu amene anakhala pafupi nane ankangofwenkha mamina. Ndinapirira, kupirira, kenaka ndinamukalipira kuti akamine panja. Tchalitchi chonse chinamva. Anandibweza chaka chathunthu, ndipo akapitawo anati ndikalepheranso mwana wawo amupereka kwa kalaliki wina wa ku Nyasalande amene anali atayamba kale kuzungulira pakhomo.

Loweruka lotsiriza la chaka chotsatira litafika, mnzanga wa pa fosholo, Mbemba, anandikokera kuseri kwa chulu chachikulu cha kumapeto kwa komboni. Anatulutsa chamba chokulunga m'pepala la thumba la simenti.

"Iwe mtima wako sukhazikika," iye anatero. "Koka kawiri kokha. Ukakhala phee mpaka mzunguyo adabwe."

Ndinali ndisanasutepo. Ndinakoka kawiri, osamva kanthu. Ndinamunena kuti wandipatsa masamba a mbatata, n'kukokanso katatu mwamakani. Uchitsiru wanga unali umenewo.

Pofika pa tchalitchi miyendo inali ikuyenda yokha. Ndinakhala pa benchi, n'kuweramitsa mutu monga anatiphunzitsira, ndipo ndinayamba kuwerenga machimo. Loyamba, ukali. Lachiwiri, mowa. Lachitatu ndinaliiwala, ndiye ndinabwerera ku loyamba, koma loyambalo linali litathawanso. Nyerere ina inkayenda pa benchi ya kutsogolo itanyamula kaudzu, ndipo ndinailondola ndi maso kwa nthawi imene ndinayesa ola lathunthu. Nditadzutsa mutu, chithunzithunzi cha zenera chinali pomwe chija, sichinasunthe n'komwe. Ndinachita mantha kuti mwina tsiku laima chifukwa cha ine.

Kenaka ndinayamba kukayika ngati ndili chete. Mawu ankamveka m'mutu mokweza, moti ndinagwira pakamwa kuti ndione ngati milomo ikugwedezeka. Ndinafuna kuseka, chifukwa dazi la munthu wa kutsogolo kwanga linkaoneka lanzeru kwambiri. Ndinaluma lilime. Ndinati ndipemphere, koma pemphero linkasakanikirana ndi nyimbo imene tinkaimba potsika m'chikepe, ndipo sindinathe kulekanitsa kuti ili ndi liti.

Pothawa dazi lija ndinayang'ana pansi, n'kuona jombo. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali, osazindikira kuti mapazi ali m'katimo ndi a yani. Chingwe cha kumanzere chinali ndi mfundo imene msuweni wanga anamanga yekha chitaduka, mfundo yake yopusa ija yomwe ndinkamuseka nayo. Ndinaganiza kuti ngati jombo zili pano ndiye kuti mwini wake ali pano, nanga ine ndili kuti? Phokoso la makina obowolera miyala, limene linkalira m'makutu mwanga usana ndi usiku kuyambira tsiku la ngozi, linangoti zii. Apo m'pamene misozi inayamba. Sinali yochita kufinya ayi, inkangotsika, mapewa akunjenjemera, ine osadziwa ngati ndikulira kapena ndikuonerera wina akulira.

Dzanja linandigwira paphewa. Anali bambo mfumu. Ndinati basi, anunkhiza, ndapita. Koma folo koloko itakwana anaimirira kutsogolo n'kuuza gulu lonse kuti lero aona kulapa kwenikweni, ndipo anandiloza ine, munthu yemwe uja ndinakalipa za mamina. Mawa lake ndinali woyamba kuthiridwa madzi. Miyezi itatu isanathe ndinakwatira.

Chinandisautsa, sindinama. Ndinabwerera m'tchalitchi muja kangapo mutu uli bwinobwino, n'kuyang'ana jombo zomwezo kuti ndione ngati misozi ibweranso. Sinabwere. Ndinati chabwino, ndiye kuti inali ya chamba. Ndinapitanso kuseri kwa chulu, n'kusuta dala, n'kukhala pansi kuyang'ana mfundo ija. Ndinangomva njala, ndipo ndinamaliza chinangwa chonse cha Mbemba uja. Tsono misozi ija inali ya yani, poti sinali yanga ndekha komanso sinali ya chamba chokha? Wansembe sindinamufunse, ndinkaopa kuti anena zoti ndibatizidwenso, anthu onse n'kudziwa.

Mkazi wanga ankakonda kuuza ana kuti iye anatsimikiza mtima zokwatiwa nane Loweruka limenelo, chifukwa anali atasuzumira pazenera n'kuona bambo awo akulira. Nthawi iliyonse akayamba nkhaniyo ine ndinkatuluka panja, ati kukaona nkhuku.

Za chamba chija ndinamuuza titakalamba, ali pa mphasa, matenda atamufooketsa. Ndinati sindifuna apite akukhulupirira bodza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka pang'ono, chifuwa n'kumutsamwitsa.

"Inu abambo, mumayesa ndinalibe mphuno? Potuluka munandidutsa pafupi, fungo lili guu."

"Nanga unandivomereranji?"

"Munkatchula dzina la msuweni wanu, mobwerezabwereza, tonse panja tikumva. Chamba chinalidziwira kuti dzinalo?"

Ine sindikumbukira kuti ndinatsegula pakamwa tsiku limenelo. Ndinafuna kumufunsa kuti ndinanenanso chiyani, koma anali atatseka maso, ndipo ndinati ndimufunsa akadzuka.