Singano Zinatsegula, Lumo Linatseka

Esitele ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu Benedicto, chisamba changa. Ndatchula bambo ake poyamba chifukwa ku Chiosya, kumene mtsikanayu anabadwira, dzina limeneli saliwerengera. Ife a kwa Mlonyeni ndife Angoni, mwana ndi wa kuchimuna. Koma Benedicto anakalowa chikamwini kwa Achewa, ndipo kumeneko mwana ndi wa mayi ake ndi atsibweni ake. Ine ndikafika amandilandira bwino, ndikamalankhula amavomera “eya, eya,” ndikachoka amachita zawo.

Esitele sukulu analekezera Fomu 2, koma musamuyese wogona. Anayamba ndi beseni limodzi la mtedza wokazinga pa boda, mpaka madalaivala a mathiraki odikira mapepala anazolowera kugula kwa iye yekha. Tsiku lina ndili pomwepo, dalaivala wina wa ku Zambia anati, “Iwe kamtsikana, mtedza wako ukudula ngati dizilo!”

Esitele anati, “Ndiye thirani mu thanki, bwana, tione ngati mukafike ku Chipata.”

Bamboyo anagula mapaketi a anzake onse. Malonda a mwana ameneyu anali pankhope ndi pakamwa.

M’nyengo ya mvula chaka chatha anadzuka milomo itapotokera mbali imodzi. Diso lakumanja silinkatseka, tiyi ankangotayikira pachibwano. Kuchipatala anati si sitiroko, ndi mtsempha wakumaso umene wafooka. Anamupatsa mapiritsi ndi mankhwala odontheza m’diso, namwino wina n’kumutsina khutu kuti ku Lilongwe kuli madokotala ochokera ku China amene amathandiza matenda amenewa ndi singano. Pa boda anasiya kupita. Ankakhala m’nyumba atadzikulunga mpango.

Ndinapita ku Chiosya kukapempha mwana wa mwana wanga ngati ndikubwereka khasu. A Kwacha, atsibweni akewo, sanavute. Anati, “Mutengeni aNaJere, mukayese.”

Ku Lilongwe, dokotala wake anali mayi wamfupi, wa imvi. Anagwira dzanja la Esitele pamene pamagunda mtsempha, nthawi yaitali, ali phee ngati akumvetsera wailesi ya patali. Kenako anamuuza kuti atulutse lilime. Namwino wathu, Chipiliro, ndiye ankamasulira. Singanozo zinali zowonda ngati ubweya wa kumchira kwa ng’ombe. Anabaya patsaya, pamwamba pa nsidze, pambali pa mphuno, ina padzanja, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera.

Ine sindinapirire. “Mwanawe, tawafunsa. Nkhope ndiye ikudwala, dzanja lalakwanji? Nanga jekeseni wopanda botolo, mankhwala ake ali kuti?”

Chipiliro anaseka, anafunsa, n’kundiyankha. “Akuti mulibe mankhwala, agogo. Kwawo amakhulupirira kuti m’thupi muli njira zimene mphamvu imayendamo. Muli ndi dimba?”

“Ndili nalo.”

“Ngalande ikatsekeka, mbewu za kumunsi zimafota pamene madzi alipo. Simugula madzi ena, mumangotsegula. Ndipo potsekekapo nthawi zina pamakhala patali ndi pofotapo.”

Ndinamva. Dokotalayo anawonjezera kuti sakulonjeza, ambiri amachira okha, ena singano zimawathandiza, koma kuchedwa sikwabwino. Anati mapiritsi asasiye. Ndinamukhulupirira chifukwa cha kusalonjezako.

Tinkagona kwa mwana wa mchemwali wanga mu mzindamo. Patapita masiku, chikope chija chinayamba kutsika pang’ono. Kaya zinali singano, kaya mapiritsi, kaya Mulungu yekha, sindikudziwa, koma ndinachiona ndi maso angawa. Lachisanu mayi ake, Anasi, anaimba foni kuti amusowa, abwere adzamuone, abwerere Lolemba. Mayi akamafuna mwana wake ungakanize bwanji?

Kumudzi Esitele anafotokoza zonse mosangalala, n’kuwalozera pamene ankabaya. Anthu aja sanakwiye ayi. Anamva chisoni. Kwathu kuno ukatema mphini umapakamo mankhwala, palibe amene amaboola khungu la munthu n’kulisiya lopanda kanthu. Iwo anaona kuti Mchaina uja wagwira ntchito yabwino koma ya theka: malo wawadziwa, njira watsegula, mankhwala ndiye alibe poti ali kutali ndi mitengo ya kwawo. Anaitana mkulu wina wodziwa zitsamba. Paliponse pamene panalowa singano panadutsa lumo, n’kutikitiramo ufa wakuda. Esitele akuti anayesa kunena kuti dokotala sanatero. Koma atsibweni ako ataimirira, mayi ako atakugwira mutu mwachikondi, umathawira kuti?

Lolemba anatsika minibasi tsaya litatupa, lotentha, mabala ena akutuluka mafinya. Dokotala uja anayang’ana, anavula magalasi, anayang’ananso. Sanakalipe. Chipiliro anati, “Pabala sangabayepo, agogo. Tiyambe tachiritsa izi. Akapola mubwerenso.”

Mabala aja anatenga nthawi, moti Esitele anabwerera ku Chiosya kukadikira kuti apole. Chikope chinabwerera pamene chinali.

Ndinapita ku Chiosya mtima ukuwira. Ndinawapeza a Kwacha akusoka fodya m’chigafa.

“A Kwacha, mwana wa Benedicto mwamutani?”

“Khalani pansi kaye, aNaJere.”

“Sindikhala. Ndani anakuuzani kuti mumuteme?”

Anaika fodya pansi. “Inuyo mphini mulibe?”

Ndili nazo. M’mbali mwa maso ndi pachifuwa, anandidula mayi anga ndili kamwana.

“Ife tinathandiza,” anatero. “Mphini timatema chikhalire, sizitupa chonchi. Zatupa chifukwa zinakumana ndi zitsulo zija. Asanapite ku Lilongwe nkhope inali yopotoka chabe, lero ili ndi zipsera. Kumeneko sapitanso.”

“Magazi ake ndi anga!”

“Magazi ndi anu, sitikana. Mbumba ndi yanga.”

Anasi anali pakhomo la khitchini akulira. Ndinkafuna kumukalipira, koma ndinaona kuti nayenso waonda. Anati, “Amayi, ndimafuna achire msanga basi.” Munthu woipa umalimbana naye. Nanga awa, oti anamupweteka pomukonda, ndiwatani?

Miyezi inapita. Zipsera zinauma. Chipiliro, mwana wabwino, anandiimbira kuti nthawi ya dokotala uja yatsala pang’ono, abwerera kwawo, ndipo sakudziwa ngati wobwera m’malo mwake adzakhale wa singano. Ndinakwera kabaza tsiku lomwelo. A Kwacha anati tikambirana akagulitsa fodya. Ndikudziwa tanthauzo la “tikambirana.”

Esitele ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuswa mtedza woti mtsikana wina akagulitse pa boda. Diso lija linali lofiira, likutsika misozi lokha ngakhale sankalira. Ndinakhala naye pafupi.

“Ndiwe wamkulu iwe, si khanda. Tenga chitenje, tiye. Sititsanzika.”

Anapitiriza kuswa. Polankhula anagwira tsaya ndi dzanja kuti mawu atuluke bwino.

“Agogo, dokotala anati sakulonjeza.”

“Koma chikope chinatsika, unaona wekha.”

“Ndinaona. Nanga ndikathawa n’kukapanda kuchira, ndidzabwerera kuti? Munda wanga uli kuno. Ndikadzadwala wondinyamula ali kuno. Inu mwakalamba, agogo, ndipo kwa Mlonyeni munda wa bambo anagawana kale.”

Zimenezo ndi zoona. Anagawana ana anga omwe, ine ndikuona.

Ndinamuthandiza kuswa mtedza mpaka beseni linadzaza. Wakabaza anayamba kuliza belu kumsewu kuti mvula ikubwera. Esitele anandiperekeza mpaka pamalire a bwalo lawo, pomwepo anaima. Ndinakwera ndekha.