Palafini wa amake Takondwa

Mukatsika minibasi pa Chinseu mu Ndirande n'kufunsa za amake Takondwa, simuyenda patali musanauzidwe kuti mayi ameneyo amadya ndi akuba. Wina akuuzani kuti mawailesi obedwa ku Nyambadwe amagona kunsi kwa bedi lawo. Wina, amene mwina sanawaonepo n'komwe, alumbira kuti ali pachibwenzi ndi mkulu wa mbava za ku Makata. Za chibwenzizo ine ndinaseka mpaka kutsamwa, chifukwa ineyo, ndi mano anga onse ndi jekete langa la pa Sande, ndinayesapo mwayi ndipo anandigenda ndi fanelo. Ndiye mbava yosasamba ingathe bwanji? Koma bodza limeneli si loseketsa ayi. Lafika poti mayi wamasiye, wokhala ndi mwana wamkazi m'nyumba ya chitseko cha matabwa a bokosi, achotsedwe pa chitetezo cha dera lonse. N'chifukwa chake ndaika nyundo pansi n'kutola bolopeni.

Dzina lawo ndi Constance Namakhwa, kwawo ndi ku Chiradzulu. Anabwera mu Ndirande ali mtsikana, kutsatira mwamuna amene ankagwira ntchito pa fakitale ya nsalu. Bamboyo anadwala nthawi yaitali n'kumwalira chaka cha referendamu, ndipo misozi isanaume abale ake anatulukira ndi lole. Bedi limene akuti kunsi kwake kumagona mawailesi linapita pa lole imeneyo. Mpaka lero mayiwa amagona pamphasa. Abalewo anasiya mphasayo, mwana, ndi chigubu chachikasu chimene ankachiyesa chobooka. Ndi chigubu chimenecho amake Takondwa anayamba kugulitsa palafini.

Benchi lawo lili pafupi ndi langa, m'mbali mwa msewu wopita ku Goliyo. Ine ndimakhoma makoloboyi, mbaula ndi ndowa. Iwo amagulitsa chothira m'koloboyimo. Munthu akagula kwa ine amangosuntha phazi n'kugula kwa iwo. Ndimawauza kuti ife ndi banja lodalitsidwa kale, yangotsala ndi mphete, iwo amati, "A Rafaeli, khomani zitini zanu." Pakamwa pawo ndi powawa, sindikana. Tabwerani ndi botolo la zakumwa kuti akuthirireni palafini, muone. "Kwanu kulibe ana? Mukufuna mwana agugude akuyesa madzi?" Amakubwezani, ngakhale atakhala kuti sanagulitse kanthu chiyambire m'mawa. Ndipo sasakaniza ndi dizilo ngati anzawo ena, amene palafini wawo ukayatsa nyumba yonse imadzuka ndi mwaye m'mphuno.

Tsono pali mawu ena amene anafala ndi matipate, mawu a Chingerezi akuti sefu. Kale tinkangowamva kwa makalaliki, lero ali pakamwa pa aliyense. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma tanthauzo lake ndinafunsa: chinthu chili sefu ngati sichingakupweteke, ndipo munthu ali sefu ngati palibe chomupweteka. Basi, n'zosavuta. Koma tamverani mmene timawanenera kuno. Kondakitala akukukankhira mu minibasi ya chitseko chomanga ndi chingwe, akuti, "Lowani bambo, ili sefu." Wa kanyenya akuingitsa ntchentche pa nyama ya dzana, akuti, "Idyani, ndi sefu." Alandilodi akukuonetsa chimbudzi chopendekera ku mtsinje wa Nasolo, nachonso akuti chili sefu. Mu Ndirande munthu akakuuza kuti uli sefu, cheuka.

Kuba kunachulukadi, pamenepo ndisaname. Anthu ankaboola makoma, ankasenza mbuzi, ankavula munthu nsapato masana dzuwa likuswa mtengo. Tinatopa. Anthu ankati ukamugwira wakuba n'kukamupereka kupolisi, mawa lake ukumana naye pamsika atatuluka pa belo, akukupatsa moni. Ndiye panabadwa komiti ya chitetezo, wapampando wake a Hawkins. A Hawkins awa ndi omwe aja kale ankaima pachipata cha msika kutibweza tikapanda khadi la chipani. Zinthu zitasintha anangosintha malaya, kukuwa n'komweko. Komitiyo inagawa mawezulo, nyumba iliyonse wake, ndi lamulo limodzi: wezulo akalira, tulukani ndi chimene chili m'manja mwanu. "Nyumba ya wezulo ili sefu," anatero a Hawkins, tonse n'kuomba m'manja.

Woyamba kuotchedwa anali munthu amene anamupeza ndi zovala za pachingwe cha eni ake, pafupi ndi mlatho. Zovala! Tsiku limenelo ine ndi amake Takondwa tinali kumaliro a kumpingo, ndipo chigubu chinatsala pansi pa benchi. Anyamata a komiti anangochinyamula. Titabwera tinachipeza chili gwaa, chopanda ndi dontho lomwe. Atauzidwa kumene palafini wawo anapita, mayiwa anakhala pansi pafumbi pomwepo, pakamwa pali tseke, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Kuyambira pamenepo sadutsa pa kanyenya osaphimba mphuno ndi chitenje. Anandiuza ndiwapezere tcheni ndi loko, chigubu chizikhala chomangirira ku mwendo wa benchi.

Kenako kunabwera a Flexon Msowoya, munthu wa ku Rumphi amene anali atangodulidwa ntchito m'boma. Anagula makina osokera n'kupempha malo pakhonde la golosale ya a Fadili pa Chinseu. Telala aliyense wa pakhonde, dzuwa likapendeka, amamasula mutu wa makina n'kupita nawo kunyumba, thebulo lokha n'kutsala. Koma matelala athu amaunyamula poyera, paphewa, kuti aliyense aone kuti uyu ndi telala akuweruka. A Flexon, mlendo wa masiku ochepa amene anali atamva mbiri ya Ndirande, anaona kuti kuonetsa makina n'kuitana akuba. Anaukulunga m'thumba la feteleza n'kumanga pakamwa.

Madzulo ena, dzuwa likadalipo, wezulo analira cha ku Goliyo. Mpaka lero palibe amene amavomera kuti ndiye anaimba, ndipo chimene chinabedwa sichidziwika. Mawezulo ena anayankha, anthu n'kuyamba kukuwa, "Wakuba! Wakuba!" Mwana aliyense wa mu Ndirande amadziwa kuti zikatero umaima pomwe ulipo, kapena umathamangira kumene kuli phokoso. A Flexon anamva kuti kuli wakuba, anakumbukira makina awo, n'kuliyatsa liwiro kuthawa phokosolo, thumba lili paphewa.

Anawagwirira patsogolo pa mabenchi athu. Wina anawatchera mwendo, makina n'kugubuduka m'miyala. Zibonga, mipini, njerwa, ngakhale mayi wina wa tomato amene Lamulungu amaimba kwaya anabwera ndi mthiko. Chinyanja chinawathawa a Flexon, anayamba kulira m'Chitumbuka, ndipo wina anakuwa kuti, "Mwamva? Ndi obwera amenewa!" Ngati kuti iyeyo anamera m'phiri la Ndirande ngati bowa. Ine ndinakuwa kuti amufunse kaye, koma mawu a wokhoma zitini amamveka akamakhoma basi. Thumba linang'ambidwa, mutu wa makina unaonekera, gulu lonse n'kufuula kuti umboni ndi umenewo. Tayala linabwera likugubuduzidwa.

A Hawkins anafika ali wefuwefu, wezulo akulendewera pakhosi.

"Amake Takondwa, chigubu!"

"Chigubu chatani?"

"Musatichedwetse mayi. Tikukonza dera lanu lomwe, kuti mukhale sefu."

"Munthuyu waba kwa ndani?"

"Zimenezo tifufuza pambuyo."

"Pambuyo pa chiyani? Phulusa mukalifunsa liyankha?"

"Anyamata, dulani tchenicho!"

"Musavutike, kiyi ndi uyu."

Nditaona akutsekula loko ndinati basi, agonja. Anatukula chigubu, chodzaza, anali atangopikula m'mawa womwewo, n'kumasula chitsekerero. Anyamata anatambasula manja kuti alandire. Iwo anatembenuka n'kukhuthulira palafini yense m'ngalande, khuthu, akugwedeza chigubu kuti pasatsale kanthu. Wambiri anawathira pachitenje ndi m'miyendo. Atatero anakankha anthu ndi zigongono, n'kukakhala pamsana pa a Flexon ngati akukhala pampando wa m'tchalitchi.

Amake Takondwa si munthu wochepa thupi. Ndinganene kuti a Flexon anapulumuka moto koma anatsala pang'ono kufa ndi chipulumutso.

"Machesi ali ndi ndani?" anafunsa mayiwo. "Ndanyowa kale ine. Yatsani tonse. A Hawkins, bwerani muyatse ndinu, kuti Takondwa adzadziwe woti azimulozera."

Fungo la palafini linali paliponse, ndipo mnyamata amene anali ndi ndudu pakamwa anaimeza theka. Kuotcha mlendo n'kosavuta, alibe dzina. Koma uyu anali mayi amene anawasambitsira maliro a amayi awo, amene amawathirira palafini ana awo akamalemba mayeso. Wina anayesa kuwakoka dzanja, analandira mbama imene inamveka mpaka ku Makata. Mayiwo anakhala choncho, akutukwana aliyense ndi dzina lake ndi la bambo ake, mpaka a Fadili anatulukira akuchokera kotseka golosale. Anasuzumira pansi pa chitenje n'kunena kuti, "Aa, uyu ndi telala wa pakhonde panga. Mwamutani?"

Mukuganiza kuti wina anapepesa? Gulu linangosungunuka. Wa tayala anagubuduza tayala lake kubwerera, wa mthiko anakatakasa ndiwo. A Flexon anatsala ndi mano awiri m'manja, zala za dzanja lamanja zitathyoka, makina atapindika gudumu. Telala wopanda zala. Atatuluka m'chipatala anasamukira kwa mbale wawo ku Chilomoni, ndipo sindikhulupirira kuti adzapondanso kuno.

Bodza lija linabadwa sabata yomweyo. Amuna akuluakulu amene anachititsidwa manyazi ndi mzimayi mmodzi anafunika chonena kunyumba. Anayamba ndi kufunsa kuti, mayiyu anadziwa bwanji kuti munthuyo si wakuba? Atamva kuti sankamudziwa n'komwe, anati ndiye basi, akanateteza wakuba aliyense, amadya nawo. Kuchoka apo nkhani inamera mawailesi, inamera chibwenzi. Makasitomala anayamba kudutsa benchi lawo n'kukagula wa dizilo uja. Azimayi pa mpopi ankasiya kulankhula Takondwa akafika ndi ndowa. Anthu omwewo amene anatsala pang'ono kupha munthu wosalakwa ndiwo ankayenda mutu uli m'mwamba, amene anawaletsa n'kukhala wozengedwa mlandu. Ndirande iwe!

Loweruka lapitali komiti inaitana amake Takondwa pabwalo la sukulu, masana, anthu atadzaza ngati kuli mpira. A Hawkins anakhala pathebulo atavala tayi. Chigamulo anabwera nacho chophikaphika: mayiwa apepese pagulu ndi kulonjeza kuti wezulo akadzalira chigubu chidzaperekedwa, apo ayi abweze wezulo, ndipo nyumba yawo ichotsedwe m'manja mwa komiti. Tonse tinamva tanthauzo lake. Mawu otere akanenedwa pabwalo, ndi akuba omwe amakhala alipo, akumva kuti pali nyumba ina ya mayi ndi mtsikana imene ikakuwa palibe adzatuluke.

Ndinawanong'oneza kuti, "Mayi, pepesani ndi pakamwa pokha, mumtima muzitukwana. Ndi mmene timakhalira tonse."

"A Rafaeli, khalani chete. N'chifukwa chake ndinakukanani."

A Hawkins anagogoda thebulo. "Amake Takondwa, ganizani bwino. Popanda wezulo simuli sefu. Muli ndi mwana wamkazi."

"Ndikudziwa amene ndili naye, ndinabereka ndine."

"Ndiye mupepesa?"

"Ndipepese kwa ndani? Amene anathyoledwa zala ali ku Chilomoni. Mukapita kukapepesa mundiuze, ndikuperekezani."

Anthu ena anaseka, a Hawkins n'kuimirira, mitsempha ya pakhosi ili njoo. "Mayi, musatiseweretse! Dera lonse likunena kuti mumadya ndi akuba. Mukuyankha chiyani?"

Amake Takondwa anamasula mfundo ya pachitenje, anatulutsa wezulo n'kumuponya pathebulo.

"Sindidya ndi akuba ine, ndimadya ndi mwana wanga, tikapeza. Telala uja sindinkamudziwa, ndipo akanakhala wakuba ndikanamukhalirabe pamsana. Palafini wanga ndi wa koloboyi, si wootchera mwana wa munthu. Tengani kanthu kanuko. Wakuba ndimamuopa, koma inu ndimakuopani koposa."