Ulusi wa m'Chifu cha Lesieli

Lesieli anabwera ku Sydney kuchokera ku Tonga ali mtsikana. Anagwira ntchito yochapa zovala kunyumba yosungirako okalamba ku Blacktown kwa zaka makumi atatu. Mwamuna wake anamwalira msanga, n'kumusiyira mwana mmodzi, Luseane. Lesieli anali mayi wathupi, wosadziwa kudandaula, ndipo kutchalitchi nyimbo ankayambitsa ndi iyeyo.

Matenda a shuga atamupanikiza, madokotala anamuchita opaleshoni. Anamudula chifu n'kusiya kathumba kochepa ngati dzira, n'kukalumikiza ndi matumbo. Anatsika ndi makilo makumi anayi, zovala zakale n'kugawa. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri anayamba kuzifunanso. Khomo lotulukira chakudya m'kathumbako linali litatanuka, chakudya chinkangodutsa, njala osatha. Ndipo pakati pa ife a ku Tonga mwezi sutha popanda maliro, ukwati kapena ubatizo, ponsepo chakudya chili mbwee. Thupi linabwerera, shuga nayenso, kenako impso zinasiya ntchito. Anayamba kupita kumakina osefa magazi katatu pa sabata.

Dokotala wa impso sanazungulire. Kuti dzina la Lesieli lilowe pamndandanda wa odikira impso ya munthu wina, ankayenera kutsika ndi makilo khumi ndi asanu. Kumung'ambanso pamimba kunali koopsa. Njira yotsala inali yodzera pakamwa: amakugoneka tulo, n'kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera, n'kusoka khomo lija kuti lichepenso. Kunja sikukhala bala.

Anamusoka Lachiwiri m'mawa, madzulo anatuluka. Namwino anabwereza kawiri: masabata asanu ndi limodzi, zamadzimadzi poyamba, zofewa pambuyo. Nyama ayi. Mnofu umafuna nthawi kuti ugwirane.

"Amayi, amalume anga a Siosaia tiwauze," anatero Luseane ali m'galimoto.

"Uwauze chiyani? Za m'mimba mwanga?"

"Si mlongo wanu nanga?"

"N'chifukwa chake. Ukufuna mlongo wanga azidziwa mmene matumbo anga akhalira? Iwe anakulera ndani? Ukangotsegula pakamwa, usabwerenso kwanga."

Ndi mmene tilili. Mwamuna ndi mlongo wake sakambirana za thupi. Pa opaleshoni yoyamba ija Siosaia anangomva kuti mlongo wake akudwala, ndipo sanafunse zambiri. Ukanakhala mwano.

Siosaia anali ndi mwana wamkazi, Kalolaine, amene anali atapita padera kawiri. Tsopano anali ndi pakati pa miyezi isanu. Kwathu mlongo wa bambo ndiye mutu wa ana a m'banjamo. Amakhala pamwamba paphwando, amapatsidwa mbale yoyamba, amatcha ana mayina. Anthu amanenanso kuti azakhali akakusungira kanthu kumtima, mimba siyenda bwino. Achibale a mkazi wa Siosaia anali atayamba kunong'ona kuti Lesieli anakwiya pa ukwati wa Kalolaine, pomwe anapatsidwa mphasa yosayenera ulemu wake. Iye za mphasayo anali ataiwala kalekale. Koma Siosaia anamva manong'onong'owo, nagula nkhumba, naitana abale onse.

Phwandolo linagwa pa sabata lachitatu chimusokereni. Linali Loweruka masana, kuseri kwa nyumba ya Siosaia ku Mount Druitt. Lesieli anakhala pamalo ake atanyamula botolo la msuzi wosefa.

"Alamu, mwasanduka mzungu kodi?" anafunsa mkazi wa Siosaia. "Nkhumba yonseyi, inu n'kumayamwa botolo ngati khanda?"

Anthu anaseka. Lesieli nayenso anaseka.

"Mzungu angakwane pampando uno? Ndikupumitsa mano, mlamu."

Kenako abusa anapemphera, ndipo kunakhala bata. Kalolaine anabwera chokwawa ndi mawondo pamphasa, mimba patsogolo, mbale m'manja. Munali nyama ya pamsana ndi chikopa chake, chilazi, ndi lu, masamba aja ophikira nyama ndi mkaka wa kokonati.

"Azakhali, ngati pali chimene ndinakulakwirani, mundikhululukire."

Luseane anasendera pafupi. "Amayi sangathe ku..."

"Khala chete iwe," anatero Lesieli osamuyang'ana.

Siosaia anali ataima kutali, pafupi ndi moto, mutu uli pansi. Kukana mbaleyo kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwacho sichikanatchulidwa iye akumva. Kukana popanda chifukwa kukanatsimikiza zonse zimene anthu ankanena, mtsikanayo n'kupita nazo kukagona miyezi inayi yotsalayo.

Lesieli anaika botolo pansi. Anatenga nyama, natafuna nthawi yaitali, nameza. Anatenganso chilazi. Anthu makumi asanu ankamuyang'ana, choncho sanasiyire panjira.

"Mchere wachepa," anatero pomaliza. "Dzuka, mwana wanga, mawondo angatupe. Palibe mlandu. Ameneyo abadwa, ndipo dzina ndidzapereka ine."

Kalolaine analira. Lesieli anadikira mpaka nyimbo zitayamba, n'kupempha Luseane kuti amuperekeze kugalimoto. Anasanza katatu asanafike kunyumba, ndipo m'masanzi omaliza munali magazi.

Patatha miyezi itatu madokotala analowetsanso kamera ija. Ulusi unali utang'amba mnofu n'kumasuka, khomo lili pululu ngati kale. Anali atatsika ndi makilo anayi okha.

"Munadya chiyani, mayi?" anafunsa dokotala.

"Nkhumba."

"Simunamve zimene tinakuuzani?"

"Ndinamva bwinobwino."

Dokotala anati angayesenso pakatha chaka, ngati mtima ungalole. Dzina lake silinalowe pamndandanda.

Mwana wa Kalolaine anabadwa wamoyo, wamkazi, wolira kwambiri. Lesieli anamutcha Meleane, dzina la mayi awo iye ndi Siosaia. Anamunyamulapo miyezi isanu ndi iwiri. Lolemba lina, atangobwera kumakina, anakhala pampando n'kupempha madzi. Luseane pobwera nawo anapeza mtima utaima.

Pamaliro a mkazi, mlongo wake sakhala m'nyumba. Amavala mphasa yakale yong'ambika m'chiuno n'kukagwira ntchito kumoto. Luseane anapeza Siosaia kumeneko akutembenuza nkhumba, ndipo anamuuza zonse: kathumba, ulusi, masabata asanu ndi limodzi, mndandanda.

"Bwanji sananene?" anafunsa Siosaia.

"Akanayamba kunena, inu mukanakhala n'kumvetsera, amalume?"

Mafuta anadonthera pamakala, moto n'kulilima, Siosaia n'kutembenuza nkhumbayo kuti isapserere.

"Kalolaine asamve," anatero.

Sanamve mpaka lero. Amauza aliyense kuti azakhali ake anadya mbale yonse.