Dulari Markam ndi Mlandu wa Dzira

Mlamu wanga Dulari Markam anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu pasukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu mwa Salhepara. Anakwatiwa ndi achimwene anga a Ramsai, ndipo ntchitoyi anaipeza chifukwa pa akazi onse a m'mudzimo ndi iye yekha ankatha kulemba dzina lake osatulutsa lilime. Ndi wamfupi, wa mawu okhuthala, ndipo amayenda chopendekera kumanzere chifukwa cha chikwama cha mapepala chimene sachisiya ngakhale popita kumaliro.

Tsiku lililonse ankaphikira ana mpunga ndi mphodza, ndipo pakutha pa mwezi ankawayeza mikono ndi katepi ka mitundu itatu. Mkono ukafika pobiriwira ndiye kuti mwana ali bwino, ukathera pofiira ndiye kuti zavuta. Chaka china ana khumi ndi mmodzi mwa makumi anayi ndi atatu anathera pofiira. Namwino woyendera midzi atawaona anati, "Anawa alibe matenda. Apatseni dzira kawiri pa sabata, muona."

Dulari analemba kalata yopempha mazira yopita kuboma la chigawo chathu. Yankho linabwera patatha miyezi isanu ndi iwiri, kumuthokoza chifukwa cha chidwi chake pa ulimi wa nkhuku ndi kumuitana kumaphunziro a katemera wa chitopa. Anapita, poti kukana kukanaoneka mwano, ndipo anabwerako ndi satifiketi.

Sanagwe ulesi. Analowa m'bungwe la amayi osamalira ana a m'boma lathu lonse, ndipo amayiwo anamusankha kuti azikawalankhulira kulikulu. Vuto linali lakuti akuluakulu ambiri a kumeneko sadya nyama, ndipo dzira amaliona ngati nyama imene sinaganize bwino chochita. Ku ofesi ya zaumoyo anamuuza kuti dzira ndi nkhani ya a ziweto. A ziweto anati, "Nkhuku ndi yathu, mayi. Koma dzira likangotuluka, latichoka m'manja. Pitani kwa a zakudya." A zakudya nawo anafunsa, "Nanga likaswa? Tidzapezeka tikugawa ziweto popanda chilolezo."

Zinatenga zaka zitatu kuti nyumba ya malamulo ikhazikitse komiti yofufuza ngati dzira lili ndi moyo. Dulari anailembera komitiyo zimene mwana aliyense kwathu amadziwa, kuti dzira la nkhuku yosakumana ndi tambala siliswa. Iwo anayankha kuti mfundoyo ndi yatsopano, abwere ndi umboni.

Anagula mwanapiye wamkazi n'kumulera m'khitchini, pansi pa dengu. Atakhala msoti, atambala onse a m'mudzi anayamba kuzungulira nyumba. Achimwene anasiya zakumunda n'kumakhala pakhomo ndi ndodo yansungwi kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zitalowa. Anthu odutsa ankawafunsa kuti malowolo a mwana wawo aika zingati.

Tsiku la msonkhano ine ndinapita nawo kuti ndizinyamula nkhukuyo, chifukwa Dulari anali ndi chikwama. Pachipata cha nyumba ya malamulo mlonda anatiimitsa.

"Ziweto sizilowa muno, mayi."

"Iyi si chiweto, achimwene, ndi mboni," anatero Dulari, n'kumuonetsa kalata.

Mlondayo anawerenga kawiri, kenako anaitana mkulu wake. Mkuluyo anati mboni iliyonse imalowa ndi chiphaso, ndipo anatulutsa fomu.

"Dzina?"

"Lembani Chameli."

"Dzina la bambo ake?"

"Anali tambala wa a Sodhi, koma anadyedwa paukwati."

"Ndiye tilemba malemu," anatero mkuluyo. "Pepani."

Anaijambula chithunzi, naikoleka chiphaso m'khosi. Ine anandilemba kuti woperekeza mboni.

M'chipinda cha komiti munali abambo asanu ndi anayi ndi mayi mmodzi amene ankangosewera ndi foni. Wapampando anali a Chaturvedi, mkulu wandevu zoyera, wonenepa bwino. Anamupatsa Dulari mphindi zitatu. Iye sanatsegule n'komwe chikwama. Anatulutsa katepi kaja, napempha wapampandoyo kuti aphatikize zala zake zitatu, nazikulunga. Kanathera pofiira.

"Umu ndi momwe ulili mkono wa Sukmati, bwana, mwana wa zaka zitatu," anatero. "Amayi ake amaumba njerwa, bambo ake anapita kukagwira ntchito kumsewu chaka chatha. Ndili nawo khumi ndi mmodzi otere."

A Chaturvedi anayang'ana zala zawo nthawi yaitali, ndipo ine ndinkati basi nkhani yatha. Koma phungu wina wowonda, wamagalasi, anakweza dzanja.

"Mayi, mungalumbire kuti nkhuku imeneyi sinayendepo?"

"Bwana, amuna anga ailondera ndi ndodo miyezi isanu. Ine amene ndinawaberekera ana anayi sanandilonderepo choncho."

Mayi wa foni uja anaseka, ena onse analemba. Phunguyo anafunsanso ngati nkhuku singatenge dzira lamoyo pongomva kulira kwa tambala. Dulari asanayankhe ndinamva kutentha pamiyendo. Chameli anali ataikira pa sari yanga yatsopano, nsalu imene amayi timavala kwathu, ndipo anayamba kutetera mokweza kuti aliyense adziwe.

Mlembi anaimirira n'kufunsa ngati dziralo alilembe ngati umboni kapena ngati mlendo wolowa popanda chiphaso. Anakangana pafupifupi ola lathunthu. Pomaliza wapampando anagamula kuti dziralo litsekeredwe m'kabati ya komiti masiku makumi awiri ndi limodzi. Likaswa ndi nyama, likapanda kuswa ndi chakudya. Analidinda chidindo mosamala, naliika pa mulu wa mafaelo, natseka ndi loko. Unali mwezi wa Meyi, nthawi yotentha kwathu kuno imene phula limasungunuka mumsewu.

Tsiku lotsegula Dulari anapita yekha. Akuti fungo linamuchingamira pamasitepe. Mlembi atangotsegula kabati, komiti yonse inavomereza ndi mawu amodzi kuti mulibe moyo, ndipo ena anavotera ali panja.

Lamulo loti ana azilandira mazira linatuluka nyengo yamvula itatha. Tinavina. Kenako galimoto inabwera, dalaivala n'kutsika ndi dzira limodzi lokulunga m'nyuzipepala. Wotayipa anali atalemba kuti dzira limodzi pasukulu iliyonse, m'malo mwa pa mwana aliyense. Dulari anaimba foni kulikulu, ndipo anamuyankha kuti cholakwikacho achiona, koma lamulo losainidwa silikonzedwa ndi cholembera, pafunika komiti.

"Nanga utani, mlamu?" ndinamufunsa.

"Ndigawa. Si lamulo?"

Analiphika, nalidula ndi ulusi m'tizidutswa makumi anayi ndi titatu, natindandalika pa tsamba la nthochi. Ana anafola, aliyense n'kunyambita chala. Anachita zimenezi Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, osaphonya, ndipo nthawi zonse ankatumiza lipoti lakuti ana onse alandira dzira monga mwa lamulo. Amayi a m'bungwe lija anayamba kuchita chimodzimodzi m'midzi yawo. Wina wa ku Tongpal, amene anali ndi ana makumi asanu ndi atatu, ankalisungunula m'ndowa ya madzi n'kumawamwetsa ndi supuni. Mtolankhani wina atajambula tsamba la Dulari, chithunzicho chinatuluka patsamba loyamba, ndipo komiti imene inkafunika chaka inakumana Lolemba lotsatira. Pa nthawiyi n'kuti Sukmati atagonekedwa kale m'chipatala kawiri. Anachira, koma mpaka lero ndi wamfupi kuposa mng'ono wake, ndipo Dulari akamuona amasiya nthabwala.

Mazira enieni anabwera ndi mwambo. Anamanga tenti, naitana a Chaturvedi kuti adzatsegulire. Poti panalibe nyumba yatsopano yoti atsegule, riboni anaimanga kuzungulira poto. Mkuluyo anadula, nagwira dzira loyamba ndi kampango kuti lisamukhudze khungu, nalipereka kwa kamtsikana kamene kanali kutsogolo. Iko kanali kasanaonepo dzira lathunthu lakelake, ndiye kanaliluma ndi makoko omwe. Anthu anaomba m'manja. Wolemekezekayo, poti sadya dzira, anapatsidwa nthochi, ndipo analankhula mphindi makumi anayi za mmene anamenyera nkhondo imeneyi yekha pamene ena onse ankamuseka.

Pachithunzi cha tsikulo pali anthu makumi atatu, koma Dulari palibe. Anali kuseri akukoleza moto wa poto wachiwiri, utsi uli m'maso. Ndinapita kukamuitana kuti azibwera, akumutchula.

"Akunditchula kuti chiyani?"

"Akuti mayi wina wakumudzi amene anathandizako."

"Auze kuti mayi winayo akusenda mazira," anatero. "Khala pansi, mlamu, undithandize. Atsala makumi atatu, ndipo ana ayamba kulira."

Ndinakhala pansi, tinasenda. Dulari anapuma pantchito chaka chathachi, mawondo atayamba kuvuta. Tsopano akulimbana ndi fomu ya chithandizo cha amayi oyembekezera, imene imafuna kuti mayi alembe tsiku limene mwana anabadwa miyezi itatu mwanayo asanabadwe. Makalata walemba kale anayi, ndipo dzulo anandituma envulopu kumsika.